Abusa akuti tisamuke, agogo alota kuti tikhale: mpingo umvere ndani?

Funso ili lachokera kwa mkulu wa mpingo wina kutsidya la kum'mawa kwa Shire, cha ku Makhanga m'boma la Nsanje. Walemba motere:

"Abusa, tchalitchi chathu chili kumunsi, pafupi ndi madimba. Madzi analowamo mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023, ndipo ulendo womalizawu khoma la kumbuyo linang'ambika. Anyakwawa a kumtunda atilonjeza malo. Abusa athu akuti atasala kudya masiku atatu, Mulungu anawauza kuti tisamuke. Koma agogo ena aakazi, odziwika ndi kupemphera, analota mngelo ataima pakhomo la tchalitchi akunena kuti, 'Musachoke, ndili pano.' Mpingo wagawikana. Achinyamata akuti tiike chizindikiro ngati cha Gideoni: mvula ikagwa pa Lamulungu limene tisankhe, tisamuke, ikapanda kugwa, tikhale. Kodi mawu a Mulungu tiwadziwa bwanji, ndipo chitsimikizo tichipeza kuti?"

Bambo mkulu wa mpingo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndaiwerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndimaona khoma lija m'maso mwanga. Ndatumikira kuchigwa kuno zaka zambiri, ndiye mzere umene madzi amasiya pakhoma la tchalitchi ndimaudziwa: woongoka ngati wayezedwa ndi chingwe cha mmisiri, pamwamba pake laimu woyera, pansi pake matope ofiirira. Ndinatolapo Mabaibulo otupa ndi madzi, kuwayanika pamphasa, n'kumalekanitsa masamba limodzilimodzi ndi nsonga ya mpeni. Choncho nkhani yanuyi ndi yanganso.

Ndiyambe ndi chimene chingakupepuzeni mtima. Anthu awiri oopa Mulungu akapemphera pa nkhani imodzi n'kumva zosiyana, sizitanthauza kuti mmodzi ndi wabodza kapena wanyengedwa ndi Satana. Zoterezi zinachitika ngakhale pakati pa okhulupirira oyamba. Werengani Machitidwe 20:22 ndi mutu 21. Paulo ali pa ulendo wa ku Yerusalemu, wotsimikiza kuti amene akumukoka ndi Mzimu. Atafika ku Turo, ophunzira akumeneko akumuuza mwa Mzimu kuti asapite. Ku Kaisareya mneneri Agabo akutenga lamba wa Paulo, kudzimanga naye manja ndi miyendo, n'kunena kuti mwini lamba adzamangidwa chomwecho. Anzake onse, Luka yemwe, akumudandaulira ndi misozi kuti abwerere. Mmene ine ndimamvera nkhaniyi, chimene Mzimu anawaonetsa onsewo chinali chimodzi: kutsogoloku kuli unyolo. Omukonda anamva kuti "asapite." Iye anamva kuti "konzeka." Pali chimene munthu waona, palinso tanthauzo limene wachipatsa. Choyambacho chikhoza kuchokera kwa Mulungu pamene chachiwiricho chachokera mumtima mwa munthuyo. Mikangano yambiri imene ndaiona m'mipingo inabadwira pamenepa, chifukwa anthu amabweretsa ziwirizi zitamangidwa mtolo umodzi, ndipo wokana tanthauzo amaoneka ngati wakana Mulungu.

Taganizani za loto la agogowo. "Ndili pano." Ndani angatsutse? Mulungu alidi pamalo amenewo. Pamenepo ana anu anabatizidwa, maliro anu anaimbiridwa nyimbo, anthu anatembenuka mtima. Koma kodi "musachoke" akunena njerwa ndi malata? Mwina akunena anthu: okalamba amene sangakwere chitunda, ndi mabanja amene adzatsalabe kumunsi chifukwa cha madimba awo. Sindikuti tanthauzo lake ndi limeneli. Ndikuti funsoli silinafunsidwe, ndipo liyenera kufunsidwa.

Tsopano ndinene mawu amene mwina abusa anu sangawakonde, ngakhale ndikuwanena ngati mnzawo pa ntchito. Mawu akuti "Mulungu wandiuza," akanenedwa pa msonkhano wa mpingo, amatseka pakamwa pa anthu onse. Baibulo silinafune kuti zikhale choncho. Pa 1 Akorinto 14:29 Paulo akulamula kuti aneneri alankhule awiri kapena atatu, ndipo ena aja azindikire, ayese zimene zanenedwa. Pa 1 Atesalonika 5:19-21 akuika zinthu ziwiri pamodzi: musazime Mzimu, musanyoze zonenera, koma yesani zonse n'kusunga chokoma. Yohane nayenso, pa 1 Yohane 4:1, akuti tisakhulupirire mzimu uliwonse koma tiyese mizimuyo. Palibe paliponse pamene panalembedwa kuti mawu a abusa sayesedwa. Palibenso pamene panalembedwa kuti loto la munthu wopemphera kwambiri siliyesedwa. Ife a kuchigwa kuno tili ndi chifukwa china chochitira mantha. Tinakulira pafupi ndi Khulubvi, kachisi wa makolo wa Mbona, mzimu wa mvula, kumene kuyambira kale uthenga wake umabwera kudzera mwa munthu wogwidwa ndi mzimu, ndipo m'magazi mwathu muli ulemu waukulu kwa aliyense wolankhula m'dzina la mzimu. Ulemu umenewu tinalowa nawo m'tchalitchi. Koma mumpingo wa Khristu Mzimu sanapatsidwe kwa munthu mmodzi yekha. Anatsanulidwa pa onse, ana aamuna ndi aakazi, achinyamata ndi okalamba, ndiye chifukwa chake onse ali ndi udindo woyesa.

Ine chimenechi ndinachiphunzira mowawa. Ndili mbusa wachinyamata, ndinaima paguwa n'kulengeza kuti Mulungu wandiuza kuti tiyambe kumanga tchalitchi chachikulu chaka chomwecho, ndipo ndalama zonse za masika zipite ku simenti. Ndinali nditapempheradi, ndipo mtima wanga unkatentha. Palibe anatsutsa. Tinakumba maziko. Chaka chimenecho mvula inadula, mapira anapserera m'munda, anthu anayamba kulowa m'dambo kukazula nyika osaopanso ng'ona. Ndalama zimene mpingo unkagulira amasiye chimanga zinali zitakwiririka m'nthaka. Tsiku lina madzulo kunabwera mtumiki wina wachikulire, anavula chipewa, anakhala pansi pakhonde. Tinakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Abusa, ife tinkaona kuti mitambo ya chaka chino si yabwino, ndipo tikanakonda kulankhula. Koma munati Mulungu wanena. Nanga munthu angatsutsane ndi Mulungu?" Sanakweze mawu, sanandinyoze. Usiku umenewo sindinagone. Kufuna kumanga kunali kwabwino, ndipo patapita zaka tchalitchi chija chinamangidwadi. Cholakwa changa chinali chakuti ndinatenga dzina la Mulungu n'kutsekera nalo anthu amene Mulungu yemweyo akanandichenjeza nawo. Kuyambira pamenepo ndimati, "Abale, ndikuona ngati Ambuye akutilozera uku. Tandithandizani kuyesa."

Onani mmene mpingo woyamba unagamulira nkhani yaikulu kuposa yanuyi, pa Machitidwe 15, pamene ankakangana ngati anthu a mitundu ina ayenera kudulidwa. Panali kutsutsana kwambiri, ndipo Luka sanabise. Petro anaima n'kufotokoza zimene anaona Mulungu akuchita kunyumba kwa Korneliyo. Barnaba ndi Paulo anasimba za ulendo wawo. Yakobo anatsegula Malemba, mawu a mneneri Amosi, n'kuonetsa kuti akugwirizana ndi umboni umene wamveka. Pamapeto pake analemba kalata yokhala ndi mawu amene ndimafuna mpingo uliwonse utawaloweza, a pa vesi 28, akuti chinakomera Mzimu Woyera ndi ife. Mzimu Woyera ndi ife. Anadziwa maganizo a Mzimu atakhala pansi, kumvetserana, kukangana, ndi kuwerenga. Petro anali ndi masomphenya ake a ku Yopa, koma sanawagwiritse ntchito ngati chibonga. Masomphenyawo anatsimikizika ndi zinthu zimene ena akanatha kuziona: amithenga a Korneliyo anafika pakhomo nthawi yomweyo, abale asanu ndi mmodzi anamuperekeza nakhala mboni, ndipo atabwerera ku Yerusalemu anafotokoza zonse mwatsatanetsatane kwa amene ankamutsutsa. Chimodzimodzinso pa Machitidwe 16:9-10. Munthu wa ku Makedoniya anamuona ndi Paulo yekha usiku, koma vesi lotsatira likuti "ife" tinazindikira kuti Mulungu watiitana. Woona anali mmodzi, ogamula anali onse.

Za chizindikiro cha achinyamata anu, ndikupemphani mwaulemu kuti muwaletse, koma musawanyoze, chifukwa akufuna kuthetsa mkangano umene ukuwapweteka. Akawerengenso Oweruza 6. Gideoni sanayale chikopa cha nkhosa kuti adziwe chifuniro cha Mulungu. Anali atauzidwa kale, ndipo iye mwini akubwereza kuti "monga mwanena." Anayala chifukwa cha mantha, ndipo ulendo wachiwiri anayamba ndi kupepesa kuti Mulungu asamukwiyire. Mulungu anamuleza mtima, koma kuleza mtima kwa Mulungu pa munthu wamantha si lamulo loti mipingo izitsatira. Komanso chimene Gideoni anapempha kachiwiri, kuti chikopa chiume pamene nthaka yonse yanyowa ndi mame, n'chinthu chosachitika pachokha. Mvula kugwa kapena kusagwa pa Lamulungu lina n'chinthu cha masiku onse. Mukasankha tsiku la mu Januwale mwakondera ofuna kusamuka, mukasankha la mu Okutobala mwakondera ofuna kukhala. Ndiye kukawaza timadontho tochepa, theka la mpingo lidzati yagwa, theka lina lidzati sinagwe. Ndaonapo anthu akuika chizindikiro, chikawatsutsa amati tiyesenso, mpaka chitanena zimene ankafuna. Ndi njira ya Balamu imeneyo, amene Mulungu atamuletsa anabwerera kukafunsanso chifukwa mtima wake unali kale pa mphatso za Balaki. Dziwaninso kuti maere omaliza otchulidwa m'Baibulo posankha zochita ndi aja anagwera Matiya pa Machitidwe 1:26. Mzimu atabwera pa Pentekoste sitimvanso mpingo ukuchita maere.

Pali mboni ina imene kalata yanu yaitchula koma simunaiwerengere ngati mboni. Ndi mtsinje.

Madzi amene amakumizani nthawi zambiri si a mvula ya kwanu. Amachokera kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, kutsika ndi Ruo ndi timitsinje ta m'mapirimo, n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo. Ruo ukabwera ndi mphamvu umatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Kumtundako mitengo yatha m'malo ambiri, ndiye mvula imakokolola dothi, dothilo limadzaza mitsinje, ndipo mtsinje wosazama susowa madzi ambiri kuti usefukire. Chigwa chathu ndicho malo otsika kuposa ena onse m'Malawi. Pamene Shire akutulukira ku Mozambique ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Tawerengani zaka: Januwale 2015, pamene ku Makhanga kunkafikika ndi boti kapena helikopita basi, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anaononga damu la magetsi la Kapichira, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Pamene analowa katatu adziwa njira.

Ena adzati kulankhula zotere n'kusowa chikhulupiriro, ndi nzeru za dziko. Awerengereni Machitidwe 27. Ali pachilumba cha Krete, Paulo anachenjeza oyendetsa chombo kuti asapitirize ulendo. Nthawi imeneyo mngelo anali asanamuonekere. Anachenjeza chifukwa nyengo ya kusala kudya inali itadutsa, ndiye kuti mwezi wa mphepo zoopsa wafika, ndiponso anali munthu woti zombo zinamuswekerapo katatu, monga analembera Akorinto. Mngelo anabwera pambuyo pake, ali kale pakati pa namondwe. Mulungu analankhula mwa njira zonse ziwiri, ndipo akanamvera yoyambayo chombo sichikanasweka. Miyambo 22:3 imati wochenjera amaona zoipa n'kubisala, koma achibwana amangopitirira n'kulipitsidwa. Ndipo kumbukirani amene anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, chifukwa angelo adzamugwira. Anali Satana, ndipo anatchula Salimo 91 molondola. Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Kukhala m'njira ya madzi n'cholinga choonetsa kuti tili ndi chikhulupiriro kuli pafupi kwambiri ndi kuyesa kumeneko. Vesi limeneli musakamenyere nalo agogo aja, chifukwa iwo sakufuna kudzionetsa. Koma mpingo wonse uyenera kulimva.

Chigwa chino chinaonapo kale mpingo ukusamuka, ndi mawu opweteka omwe. Bishopu Charles Mackenzie, wa mishoni ya mpingo wa Angilikani yotchedwa UMCA, anatsika ndi Shire pa bwato m'nyengo ya mvula kukakumana ndi David Livingstone pamathiriro a Ruo. Bwato linagubuduzika, mankhwala a malungo anatayika, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862, n'kuikidwa kufupi ndi Chiromo, kwanu komweko. Anzake anachoka ku Magomero, kumene kunali mishoniyo, n'kudzakhala kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, kumene enanso anafa ndi matenda mu 1863. Wolowa m'malo mwake, Bishopu William Tozer, anaona kuti akakhala atha onse. Anasamutsira mishoni kuphiri la Morambala, kenako ku Zanzibar mu 1864. Livingstone anakhumudwa nazo kwambiri, anaona ngati kuthawa. Koma mishoni yomweyo inabwereranso, ndipo mu 1885 inakhazikika pachilumba cha Likoma. Anasiya manda a anzawo m'mbali mwa Shire, ndipo ndikhulupirira anachoka ndi misozi. Ntchito ya Mulungu sinafere pamandapo.

Ndatchula manda dala, chifukwa ndikuganiza kuti pansi pa mkangano wanu pali zinthu zimene sizikunenedwa. Mlaliki 5:3 amati loto limadza ndi kuchuluka kwa ntchito, kutanthauza kuti zimene mtima wasenza masana zimatuluka usiku. Kodi agogowo amuna awo anaikidwa kuti? Kodi sanasenze madzi pamutu pamene njerwa za tchalitchicho zinkaumbidwa? Ngati ndi choncho, loto lawo lili ndi chisoni mkati, ndipo chisoni chimenecho mpingo uyenera kuchilemekeza ngakhale utasamuka. Abusa anunso adzifunse pamaso pa Mulungu: kodi malo atsopanowo ali pafupi ndi msewu, msika, ndi sukulu ya ana awo? Kufuna zimenezo si tchimo. Koma munthu akafuna chinthu kwambiri, amatha kusala kudya masiku atatu n'kumva mawu a mtima wake omwe. Inunso, bambo, dimba lanu lili kuti? Ndikufunsa chifukwa aliyense pa msonkhanowo ali ndi mbali imene ikumukomera, ndipo pemphero loona limayamba ndi kuivomereza mbaliyo pamaso pa Mulungu.

Anthu ambiri amati, "Ndapemphera ndipo ndili ndi mtendere mumtima." Mtendere ndi wabwino, koma pawokha sukwanira. Yona anagona tulo tofa nato m'chombo akuthawa Mulungu. Yesu ku Getsemane anali pakatikati pa chifuniro cha Atate, koma moyo wake unali wozingidwa ndi chisoni. Kuchuluka kwa manja okwezedwa nakonso sikukwanira. Aneneri 400 anauza Ahabu kuti apite kunkhondo, woona anali Mikaya yekha. Muyezo umene ndaupeza wodalirika ndi wa pa Yakobo 3:17, wonena za nzeru yochokera kumwamba: ndi yoyera, yamtendere, yofatsa, yomvera bwino, yodzala chifundo, yopanda tsankho ndi chinyengo. Mawu akuti "yomvera bwino" ndi amene ndimayang'ana kwambiri. Munthu amene wamvadi kwa Mulungu saopa kufunsidwa mafunso. Amene amapsa mtima mukangoti "tiyese," kapena kuyamba kuopseza kuti otsutsa aona tsoka, wadzionetsa yekha kuti mawu akewo sakuchokera kumene akunena.

Ndikanakhala mkulu wa mpingo wanu, ndikanapempha abusa ndi agogowo, aliyense payekha ndi mwaulemu, kuti kwa miyezi iwiri asanenenso pagulu kuti Mulungu wawauza. Zimene anamva zilembedwe m'buku la mpingo monga anazinenera, popanda kuwonjezera. M'miyezi imeneyo mpingo wonse upemphere pemphero limodzi, la pa Yakobo 1:5, lopempha nzeru, osati lopempha kuti mbali inayo igonje. Mukafuna kusala kudya salani, koma kutentha kwa kuno mukukudziwa: okalamba, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala shuga ndi onse amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asakakamizidwe, ndipo madzi akumwa asaletsedwe. Mulungu samva msanga chifukwa choti wina wakomoka.

Kenako yendani ndi miyendo. Pitani nonse kumalo akale, muyeze ndi ndodo pamene madzi anafika chaka chilichonse, muone ngati mzere ukukwera. Funsani akuluakulu opalasa mabwato, amene amadziwa mmene Ruo wasinthira njira m'moyo wawo. Itanani a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mukatha, wina wa ku khonsolo adzaone khoma long'ambikalo. Pitaninso kumalo atsopano, koma musapite ndi achinyamata okha. Tengani munthu wokalamba kuposa onse amene amabwerabe kutchalitchi, muyende pa liwiro lake, muone kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Kuli mjigo pafupi? Nanga mtsinje wa m'phiri sudutsa pomwepo? Freddy anatiphunzitsa kuti kumtunda nakonso kuli malo oopsa, kumene miyala ndi matope zimatsika usiku. Lonjezo la anyakwawa lilembedwe papepala, agulupu ndi mfumu yaikulu adziwe, malire aikidwe pamaso pa mboni, chifukwa malo opatsidwa pakamwa amasanduka mlandu wopatsayo akamwalira. Yesu mwini, pa Luka 14:28, anati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Kuwerenga njerwa, malata ndi matumba a simenti ndi mbali ya kumvera Mulungu, sikuti pemphero lathera pamenepo.

Chinthu china chimene amuna timaiwala: amayi ndiwo ambiri m'mipingo yathu, koma pa msonkhano umene abusa ndi akulu akhala kutsogolo, ambiri amangoti "zili bwino" kenako n'kukalankhula zenizeni pamjigo. Apatseni msonkhano wawo, achinyamata wawonso, ndipo zimene anena zibwere kwa akulu zitalembedwa. Itananinso abusa awiri kapena atatu ochokera kwina, a mpingo wanu womwewo, amene alibe dimba kapena manda kumeneko. Miyambo 15:22 imati zolingalira zimalephereka popanda upo, koma zimakhazikika pochuluka aphungu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala wa abusa.

Chitsimikizo chimene mukufuna chidzaoneka chonchi, ngati chidzaoneke: Malemba sakutsutsa, zimene maso aona zikuloza mbali imodzi, alendo opanda mbali akuvomereza, ndipo anthu amene poyamba ankakana ayamba kufewa popanda wowaopseza. Sizifika tsiku limodzi ngati mphezi. Zimabwera ngati m'bandakucha, mpaka wina pa msonkhano n'kunena zimene onse anali ataziona kale. Mukafika pamenepo mukhoza kulemba m'buku lanu mawu a atumwi aja popanda manyazi.

Mwandifunsa njira, koma ndikhala wosakhulupirika ndikabisa kumene mtima wanga wapendekera. Ndi zimene mwalembazi, ine ndikuona kuti tchalitchi chachikulu chimangidwe kumtunda. Chifukwa changa chachikulu si kupulumutsa mabenchi. Madzi akasefukira anthu amathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo inu mwaona mmene mabanja amapanikizirana m'makalasi ku Bangula ndi kwina, ana osaphunzira milungu yambiri. Tchalitchi chomangidwa pamalo okwera chidzakhala pothawira pa mudzi wonse, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Chimene chili kumunsi chimayamba ndicho kumira. Koma sindikuona chifukwa chosiyira malo akalewo bwinja. Anthu adzapitabe kumadimba madzi akaphwa, chifukwa chimanga, mbatata ndi nyemba za m'chilimwe ndi zimene zimadyetsa chigwa chino, ndipo palibe mbusa angaletse zimenezo. Pamalo akalewo pakhale kanyumba kopemphereramo kosalira ndalama zambiri, kapena chisakasa cholimba, ndi mkulu wa mpingo wosankhidwa kuti aziyendera okalamba ndi kuwatsogolera mapemphero. Mukatero mwina mudzapeza kuti abusa anamva zoona ndipo agogo anamvanso zoona. Awa ndi maganizo anga, ndipo nawonso muwayese monga ndanenera za enawo. Ine malowo sindinawapondepo.

Mungadzafunse kuti, nanga tikachita zonsezi n'kulakwitsabe? Mulungu si mfumu yobisa mawu kuti igwire anthu ake pa mlandu. Anaitana Samueli, mwanayo n'kuthamangira kwa Eli katatu konse osadziwa woitana, ndipo Mulungu sanaleke, anaitananso kachinayi. Amene anathandiza Samueli kuzindikira anali Eli, nkhalamba ya maso akhungu imene nyumba yake inali ndi zolakwa zambiri. Paulo anayesa kulowa ku Asiya, Mzimu anamuletsa. Anayesa ku Bituniya, analetsedwanso. Anapitirira mpaka ku Trowa, ndipo kumeneko ndi kumene njira inatseguka. Mpingo umene ukuyenda modzichepetsa Mulungu amadziwa kuukhotetsa. Umene ndimauopera ine ndi uja wang'ambika pakati, theka kumtunda theka kumunsi, mbali iliyonse ikunena kuti Mulungu ali kwa iyo, ana a mimba imodzi osapatsana moni pamaliro. Khoma long'ambika limamangidwanso ndi njerwa, koma zoterezi ndaziona zikudutsa m'badwo wathunthu.

Sabata ino, musanaitanitse msonkhano uliwonse, pitani kwa agogowo pamodzi ndi mayi akunyumba kwanu. Musapite kukawatsutsa. Khalani pamphasa, muwapemphe akufotokozereni loto lonse kuyambira pachiyambi: m'tchalitchimo munali ndani, mngeloyo anayang'ana kuti, iwo anamva bwanji podzuka. Muwafunse chimene akuopa kwambiri mpingo ukasamuka, ndipo mudikire yankho ngakhale litachedwa. Kenako mupemphere nawo. Abusa anunso muwaone paokha, osati pa khomo la tchalitchi anthu akumva.

Ngati mvula ifika musanagwirizane, musathamangire kugamula chifukwa choopa mitambo. Koma Disembala asanathe, kaundula wa ubatizo, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi ziwiya za Mgonero zikasungidwe kunyumba ya mkhristu wina wa kumtunda, m'chidebe chotsekeka bwino. Musasonkhane pafupi ndi khoma long'ambikalo nthaka ikanyowa. Ndipo mugawiranetu mayina, kuti aliyense adziwe wokalamba amene adzamunyamule madzi akadzayamba kukwera usiku.